Sitima zobwerekana mawilo: za Zephyr ya ku Chicago ndi zinzake

Bambo a Tadala (South Bend): Moni nonse a pagulu. Loweruka ndinatenga ana pa sitima ya South Shore kupita ku Chicago. Cholinga chinali chokaona U-505, sitima yoyenda pansi pa nyanja ya Ajeremani ija, ku Museum of Science and Industry. Koma titangolowa, maso anga anakodwa ndi china. Pali sitima yapamtunda yonyezimira ngati poto watsopano, mphuno yake yopendekeka ngati fosholo, nambala 9900, dzina lake Pioneer Zephyr, ya mu 1934. Chandizunguza mutu ndi ichi: nditasuzumira pansi, ndaona kuti pamene mabogi awiri akumana pali mawilo amodzi okha onyamula onse awiri. Agogo a ku Limbe, munakalambira pa njanji inu, zimenezi zimatheka bwanji?

Agogo a ku Limbe: Zikomo bambo a Tadala. Tiyambe takonza mawu kaye, tingasokonezane. Ife tikati bogi timanena ngolo yonse, ija mumakhalamo kapena yonyamula fetereza. Koma eni chilankhulo akati bogie amanena kachimango ka chitsulo kokhala ndi mawilo anayi, kamene kamakhala kunsi kwa ngoloyo n'kumatembenuka pokhota. Bogi wamba imakhala ndi tizimango tiwiri, kutsogolo ndi kumbuyo. Mutha kuimasula, kuikankhira pa njanji ya pambali, n'kuisiya itaima payokha mwezi wathunthu. Imene mwaionayo siingaime payokha. Ine pa ntchito yanga yonse sindinakhudzepo yotero, ndinkangoziona m'magazini amene ankabwera ku ofesi.

Yamikani: Agogo alasa. Kachimango kogawanako amakatcha Jacobs bogie, kuchokera pa dzina la injiniya wa ku Germany, Wilhelm Jakobs. Werengani nokha: mabogi atatu wamba amafuna tizimango 6. Zephyr ili ndi mabogi atatu pa tizimango 4 tokha. Kulemera kwachepa, mawilo okhuzana ndi njanji achepa, ndipo pokhota mabogi sagwedezeka aliyense payekha chifukwa agwirana pa msana umodzi. Sitima yonseyo ndi yaitali pafupifupi mamita 60, ndipo inkalemera matani osafika 100. Nthawi imeneyo bogi imodzi yokha yachitsulo ya kampani ya Pullman inkatha kulemera matani 80.

Nabanda: Ine ndangodutsa, koma ndifunseko. Ankathamangira kuti anthu amenewa mu 1934? Si nthawi ya umphawi waukulu ku America imeneyo?

Bambo a Tadala (South Bend): Umphawiwo ndi umene unawathamangitsa, achemwali. Anthu anali atasiya kukwera sitima. Amene anali ndi kangachepe anagula galimoto, amene analibe ankakhala pakhomo. Makampani a njanji ankakoka mabogi olemera, opanda anthu, ndi mitu ya malasha yodya ndalama. Mkulu wa kampani ya Chicago, Burlington and Quincy, Ralph Budd, anafuna kanthu kopepuka, kotsika mtengo poyendetsa, komanso koti munthu akakaona asiye galimoto yake. Anapita kwa Edward Budd wa ku Philadelphia, amene kampani yake inkapanga matupi a galimoto. Maina afanana koma ndi anthu awiri osiyana. Injini anatenga ya dizilo ya Winton, ya mphamvu ya mahatchi 600, yopukusa jenereta, magetsi n'kumatembenuza mawilo akutsogolo.

Che Mussa wa ku Kanengo: Pa nkhani ya thupi lakelo ndilankhulepo ine, poti kuwotcherera ndiye nsima yanga. Thupilo ndi la chitsulo chosachita dzimbiri, ndipo chitsulocho n'chovuta. Ukachitenthetsa nthawi yaitali, pamalo powotchererapo pamafooka, ndipo dzimbiri limene umalithawalo limayambira pomwepo. Aliyense amene anayesapo kukonza sinki ya kukhitchini ndi ndodo wamba akudziwa zimene ndikunena. A kampani ya Budd anapeza njira yotchedwa shotweld: kupanikiza mapepala awiri a chitsulo, kudutsitsapo magetsi amphamvu kwambiri kwa kanthawi kochepa kosakwana kuphethira, basi. M'kati mwagwirana, kunja sikunapse. Ndiye mizeremizere ija mwaiona m'mbali mwake si yokongoletsa chabe, ndi ngati malata a padenga, chitsulo chopyapyala ukachipinda chimalimba.

Bambo a Tadala (South Bend): Che Mussa, ndinaigwira ndi dzanja mlonda asakuona kkkk. Zaka 90 koma yosalala ngati ya dzulo.

Che Mussa wa ku Kanengo: Ndi chimenecho. Penti imanama, chitsulo sichinama.

Yamikani: Tsiku limene inatchuka ndi 26 May 1934. Inanyamuka ku Denver m'bandakucha n'kukafika ku Chicago madzulo osaima paliponse, makilomita 1,633 m'maola 13 ndi mphindi 5. Sitima za malasha ulendo womwewo zinkatha maola oposa 25. Penapake inafika liwiro la makilomita 181 pa ola. Itafika anakailowetsa pa bwalo la chionetsero cha Century of Progress anthu akuonerera. Munalinso bulu m'katimo, dzina lake Zeph, mphatso yochokera ku Colorado.

Nabanda: Bulu pa liwiro la 181? Ameneyo atatsika sanayendenso mowongoka kkkk.

Chifundo (Leipzig): Pepani ndalowa mochedwa, ndinali ku ntchito. Musawapatse ulemu wonse Amereka. Kuno ku Germany anayamba kale. Sitima yotchedwa Fliegender Hamburger inayamba kunyamula anthu pa 15 May 1933, chaka chathunthu Zephyr isanathamange. Mabogi awiri, kachimango ka Jacobs pakati, injini za Maybach ziwiri, imodzi kutsogolo ina kumbuyo. Berlin mpaka Hamburg, makilomita 286 m'mphindi 138, ndipo osati tsiku limodzi lachionetsero ayi, tsiku ndi tsiku pa ndandanda. Maonekedwe a mphuno yake anakawayesa m'chipinda chopemerera mphepo cha kampani ya Zeppelin. Nthawi ya mphindi 138 imeneyo inakhala osaphwanyidwa pa njirayo mpaka m'ma 1990.

Bambo a Tadala (South Bend): Ndavomera. Komanso ngakhale ku America komweko Zephyr siinali yoyamba kutuluka. Kampani ya njanji ya Union Pacific inatulutsa sitima ya M-10000 mu February 1934, yachikasu ndi yofiirira, yopangidwa ndi Pullman. Kungoti injini yake sinali ya dizilo yeniyeni, inali ya mapulagi, yoyendera mafuta apakati pa petulo ndi parafini.

Nabanda: Nanga imeneyo ili kuti?

Yamikani: Kulibe. Thupi lake linali la aluminiyamu. Inayenda pakati pa Kansas City ndi Salina ndi dzina loti City of Salina, anaiimitsa mu December 1941, ndipo mu 1942 anaiphwanya, aluminiyamu yake n'kupita ku zida za nkhondo. Zaka zosakwana 8. Comet ya kampani ya New Haven, imene inkayenda Boston mpaka Providence mamailosi 44 m'mphindi 44, anaiphwanya mu 1951. Green Diamond ya Illinois Central, mu 1950. Mukaona bwino, zimene zatsala ku America zambiri ndi za chitsulo cha Budd chija.

Agogo a ku Limbe: Ana inu mwatamanda kokwanira, tsopano mverani munthu amene ankagwira ntchito ya kusuntha mabogi pa yadi. Sitima yotero ndi mtolo kwa anthu a pansi. Tinene kuti ndi nthawi ya Khirisimasi, anthu adzaza pa siteshoni ndi akatundu awo. Sitima wamba umangoti onjezani mabogi awiri kumbuyo, mphindi 10 zatha. Iyi simungatero. Kuti muonjezere bogi muyenera kupita nayo ku shedi, kuikweza ndi majeki, kuilekanitsa, kulowetsa ina pakati ndi kachimango kake. Chachiwiri, wilo limodzi likaphwa kapena bokosi la girizi likatentha, sitima wamba umachotsa bogi yodwalayo ulendo n'kupitirira. Iyi yonse imagona m'chipatala, injini, khitchini, mipando, zonse, chifukwa cha wilo limodzi. Ndiye ndikamva kuti zinatha msanga sindidabwa.

Yamikani: Agogo, zimenezo ndi zimene zinachitikadi. Zephyr inali ndi mipando 72 yokha, chifukwa mbali yakutsogolo inali ya injini, positi ofesi ndi katundu. Itayamba ntchito pa 11 November 1934 pakati pa Lincoln, Omaha ndi Kansas City, anthu anachuluka mpaka anachita kuionjezera bogi yachinayi mwa njira yovuta yomwe mwafotokozayo. Kutchuka kwake komweko ndi kumene kunaonetsa chilema chake. Pofika 1939, General Pershing Zephyr inatuluka ndi mabogi omasuka, lililonse ndi mawilo ake. Kunyezimira anakusunga, dizilo anaisunga, kugawana mawilo anakutaya.

Agogo a ku Limbe: Ehe. Mutu umodzi susenza denga, koma apa anaona kuti mitu yomangidwa pamodzi nayonso siitembenuka.

Anaphiri (Leeds): Agogo, ndikutsutseniko pang'ono mwaulemu. Sanakutaye konse. Eurostar yakale ija yochoka London kupita ku Paris, ndi TGV ya ku France, mabogi ake amagawana mawilo chimodzimodzi. Kusiyana kwake n'koti masiku ano anthu akachuluka saonjezera bogi, amalumikiza sitima yathunthu ina kumbuyo, ndipo mashedi anamangidwa oti n'kukweza sitima yonse nthawi imodzi. Nzeruyo inali yabwino, kungoti inafika mashedi ake asanamangidwe. Kuno ku England injiniya Nigel Gresley anayamba kulumikiza mabogi motero kale nkhondo yoyamba isanayambe, ndipo Silver Jubilee ya mu 1935, ya London mpaka Newcastle m'maola 4, mabogi ake anali ogwirana awiriawiri ndi atatu, ngakhale mutu wake unali wa malasha.

Agogo a ku Limbe: Mwanena zoona mayi, ndalandira. Koma onani kuti mwatchula mayiko amene anthu okwera ndi ochuluka tsiku lililonse. Pa njanji ya sitima imodzi pa tsiku, munthu wa pa yadi adzakutembererani.

Anaphiri (Leeds): Kkkk pamenepo sinditsutsa. Chondiwawa ine n'choti mitu ya A4, mtundu umene unkakoka Silver Jubilee, inasungidwa 6, umodzi mwa iyo, Mallard, uli ku York aliyense akuujambula, koma mabogi a Silver Jubilee palibe ndi limodzi lomwe. Anthu amakonda mutu, mabogi amawaona ngati katundu. Ogwirana a Gresley amene mungawakwere lero ndi a Quad-Art ku North Norfolk Railway, amene ankanyamula anthu opita ku ntchito ku London atapanikizana mawondo.

Chifundo (Leipzig): Nkhani ya kusunga ndiye yandikhudza. Fliegender Hamburger inapuma mu 1957, ndipo chimene chili ku DB Museum ku Nürnberg ndi chidutswa chabe, mphuno ndi chipinda cha injini ndi kagawo ka mipando. Anachita kuidula. Ndinaima pamenepo ndikumva ngati ndikuona mutu wa chambo pa mbale, nsombayo ena adya kale. Mwamwayi pa siteshoni yaikulu ya kuno ku Leipzig pali mng'ono wake wathunthu, SVT 137 225, waima pa njanji ya kumapeto. Ndimamudutsa pafupifupi sabata iliyonse.

Che Mussa wa ku Kanengo: Kudulako ndikukumvetsa ngakhale kukuwawa. Bogi wamba munthu mmodzi wachuma atha kuigula n'kuiika kuseri kwa nyumba. Iyi ukafuna kusunga uyenera kutenga yonse, malo a mamita 60, denga la mamita 60, ndipo poisamutsa pa msewu uyenera kuilekanitsa ndi makireni n'kupezera bogi lililonse pogonera poti lilibe miyendo yakeyake. Chilema chimene agogo anena chija chimaitsata mpaka ku ukalamba.

Bambo a Tadala (South Bend): Umboni wake ndi Flying Yankee. Ndi mphwake wa Zephyr, pafupifupi mapasa, ya mu 1935, nambala 6000, ya Boston and Maine ndi Maine Central. Inkayenda pakati pa Boston, Portland ndi Bangor. Itapuma mu 1957 inakakhala panja ku Edaville ku Massachusetts zaka zoposa 35. M'ma 1990 anaisamutsira ku New Hampshire, boma la chigawocho n'kukhala mwini wake, ntchito yoikonza kuti iyendenso n'kuyamba ku Claremont. Ndalama zinalowa zambiri, zinthu zina zinakonzedwadi, koma siinayende. Mu 2005 anaipititsa ku Lincoln, n'kukhala zaka zambiri itafunditsidwa, mawilo ali padera. Mu 2024 ndi pamene boma linaipereka kwa gulu la Flying Yankee Association n'kuisamutsira ku Conway. Ana amene anabadwa ntchitoyo ikuyamba pano ali ndi ana awo.

Nabanda: Ndiye bwanji osangoipukuta n'kuiika m'nyumba ngati inzake ya ku Chicago? Kukakamira kuti iyende n'kwa chiyani?

Yamikani: Funso limenelo ndi limene anthu osunga sitima amakangana mpaka kutukwanana. Ine ndili mbali ya kuyenda. Sitima yoima ndi chithunzi chabe. Ku Illinois Railway Museum, m'tauni ya Union, kuli Nebraska Zephyr, mabogi ogwirana a mu 1936, aliyense ndi dzina la mulungu wamkazi wa Aroma: Venus, Vesta, Minerva, Ceres, Juno. Anaipereka kumeneko mu 1968 ndipo mpaka pano imanyamula alendo, ikukokedwa ndi mutu wa dizilo wa mtundu wa E5 wotchedwa Silver Pilot. Munthu ukakhala pafupi ndi polumikizira umamva wekha mmene mawilo ogawana amaliralira mosiyana ndi a sitima wamba. Zimenezo chikwangwani cha pa khoma sichingakuuze.

Anaphiri (Leeds): Ine ndili mbali inayo, achimwene. Chinthu chikamayenda chimatha. Lero mwasintha mawilo, mawa mawaya, mkuja mabuleki kuti agwirizane ndi malamulo a lero, kenaka injini ya Winton yasowa zipangizo mwaikamo ina. Pakatha zaka 40 mwatsala ndi chiyani cha mu 1935? Nambala yokha. Ngati zilipo zingapo, imodzi iyende. Koma 9900 ndi imodzi padziko lonse, inayenda kale mamailosi oposa 3 miliyoni, isiyeni ipume.

Yamikani: Koma kupumako si kumene kunatsala pang'ono kuiwononga? Anaipereka ku myuziyamu pa 26 May 1960, n'kukhala panja pa mvula ndi chisanu cha ku Chicago mpaka 1994. Chitsulo chakunja chinapirira, koma m'kati munaonongeka, mpaka anachita kuichotsa kukaikonza, n'kudzaibweza mu 1998 m'chipinda cha pansi chimene bambo a Tadala aionamo.

Anaphiri (Leeds): Chimene chinaiwononga ndi kusowa denga, osati kusowa ulendo. Musasakanize.

Che Mussa wa ku Kanengo: Apa Anaphiri awina. Chitsulo chosachita dzimbiri chimapusitsa anthu. Kunja kukuwala, ndiye aliyense akuti ili bwino. Koma madzi amalowera pa labala wa mawindo, n'kukafika pansi pamene pali matabwa, zitsulo wamba ndi mawaya. Chimawola mwakachetechete. Mukandipatsa ndalama zochepa n'kundifunsa kuti ndiyambe injini kapena shedi, ine ndigula malata.

Agogo a ku Limbe: Nonse mukunena zoona, koma mwaiwala chinthu chimodzi, anthu. Sitima ikamayenda pamafunika wina wodziwa kuidzutsa m'mawa, wodziwa kumva ndi khutu kuti bokosi ili latentha. Ikaima zaka 30 anthu amenewo amapita kumanda ndi nzeru zawo. Ndikapita ku Chichiri n'kuona mutu wa malasha uja uli panja pa myuziyamu, ndimadzifunsa kuti m'Blantyre yense tatsala angati amene tingadziwe poyambira kuusonkhezera moto. Zala za dzanja limodzi zikhoza kutsalako.

Nabanda: Agogo mwandimvetsa chisoni. Tikujambuleni mawu tsiku lina mufotokoze zonsezo.

Agogo a ku Limbe: Bwerani ndi shuga ndi masamba a tiyi, tidzakamba.

Bambo a Tadala (South Bend): Pali inanso imene ndaiwala, Mark Twain Zephyr, nambala 9903, ya mu 1935, imene inkadutsa ku Hannibal m'mbali mwa Mississippi. Itapuma kumapeto kwa ma 1950 inadutsa m'manja mwa anthu ambiri, aliyense ndi maloto ake, wina lesitilanti, wina sitima ya alendo, onse n'kulephera, mpaka inatsala chigoba chopanda kanthu m'kati. Mu 2020 a Wisconsin Great Northern Railroad anaigula n'kuinyamula pa malole kupita nayo ku Trego kukaikonza. Kwa imeneyo mkangano wa Anaphiri ndi Yamikani kulibe, poti za m'kati zoyambirira zinatha kale, palibe choti n'kuononga.

Anaphiri (Leeds): Imeneyo ayendetse, ndidzalipira tikiti ndine.

Chifundo (Leipzig): Yamikani, ija ya milungu yaikazi inali ndi inzake ya milungu yaimuna eti? Ndinamvapo zotero.

Yamikani: Eya, zinali ziwiri, zinkayenda Chicago mpaka Minneapolis zisanasamutsidwire ku njira ya Nebraska mu 1947. Ya milungu yaimuna inagulitsidwa ku Saudi Arabia. Ndipo bambo a Tadala, mukapita ku Union mukaonenso Electroliner ya mu 1941, ya magetsi, mabogi anayi ogwirana, imene inkayenda Chicago mpaka Milwaukee, ikukhota m'makona opanikiza a njanji ya m'mwamba ya mu mzinda kenaka n'kukathamanga kunja. Zinapangidwa ziwiri zokha ndipo zonse zilipo, inayo ili ku Rockhill ku Pennsylvania.

Bambo a Tadala (South Bend): Union ndi ulendo wa maola atatu kapena kuposerapo pa galimoto kuchoka kuno, ndidikira nyengo yotentha pamene amayendetsa. Agogo, ndikafika ndijambule chiyani kwenikweni?

Agogo a ku Limbe: Mphuno musavutike nayo, zithunzi zake zadzaza kale pa intaneti. Mugwade pansi pamene mabogi awiri akumana, mundijambulire pamene akhalira pa kachimangoko, ndi mmene mapaipi a mabuleki adutsira kuchoka bogi ina kupita inzake. Ngati pali wa ovolosi yakuda ndi girizi pafupi, mumufunse kuti akafuna kuchotsa wilo amakweza mbali iti poyamba.

Bambo a Tadala (South Bend): Ndalemba. Tadala akuti iye akufuna akajambule bulu, ndamuuza kuti wa ku Chicago uja ndi chidole chabe.